Mabering'i a kalavani: kupakira girizi pamanja, kupopa pa nipulo, oyilo, kapena otsekeratu?

Tayala la kalavani la saizi ya ST225/75R15 limazungulira pafupifupi ka 740 pa mphindi imodzi mukamathamanga makilomita 100 pa ola. Pafupifupi kulemera konse kwa kalavaniyo, madzi a m'thanki, masilinda a gasi, mabedi ndi firiji, kwatsamira pa mabering'i awiri pa tayala lililonse, ndipo yakunjayo imakwana m'dzanja la mwana. Bering'i ya galimoto ikayamba kutha mumaimva muli pachiwongolero. M'kalavani yoyenda simukhala munthu. Bering'i imalira yokhayokha kumbuyoko, kutentha, kupsereza girizi, ndipo dalaivala amadziwira utsi pagalasi loonera kumbuyo, mwinanso tayala likumudutsa pamsewu.

Makalavani amene tikunena ndi a ku America ndi ku Canada. Pali travel trailer, yokoledwa pa bolo yakumbuyo kwa galimoto, ndi fifth wheel, yaikulu ija imene mutu wake umakwera pamwamba pa bodi ya pikapu n'kukoledwa pakati pa bodiyo ngati mmene imakolera thiraki. Ambiri amapangidwa kudera la Elkhart ku Indiana, ndipo maekiselo ake kawirikawiri ndi a Dexter kapena Lippert, makampani akomweko. Amene ali ndi ngolo yokokera boti kunyanja, kapena kalavani yakale yochokera ku Britain, nayenso nkhaniyi ikumukhudza, chifukwa njira zosamalira mabering'i n'zomwezi, zangosiyana maina.

Njirazo zilipo zisanu, kupakira pamanja, kupopa pa nipulo, chivundikiro cha Bearing Buddy, oyilo ndi mabering'i otsekeratu, ndipo zonse timaziyeza ndi funso limodzi: kodi njirayi ikukulolani kuona zimene zikuchitika m'kati mwa habu, chitsulo chozungulira chimene tayala limamangidwapo? Mabering'i ambiri a makalavani amafa girizi alimo. Chimawapha ndi madzi amene alowa, seal yotha (mphete ya labala yotsekereza girizi kuti asatuluke), ndi nati yomangidwa molakwika.

Zimene zili m'habu

Ekiselo imathera pa chitsulo chosongoka chotchedwa spindle. Pamenepo pamakhala seal kumbuyo kwenikweni, kenako bering'i yam'kati yomwe ndi yaikulu, bering'i yakunja yaing'ono, washa, nati ndi chotsekera natiyo, ndipo kutsogolo kuli kachivundikiro ka fumbi. Bering'i iliyonse ili ndi mbali ziwiri. Koni ndi ija ya marola osongoka, yamtundu umene Henry Timken analembetsa mu 1898. Kapu ndi mphete yosalala yokhomeredwa m'habu imene marolawo amayendapo.

Musanagule chilichonse dziwani manambala. Ekiselo yonyamula mpaka mapaundi 3,500, pafupifupi makilogalamu 1,590, imene imapezeka kwambiri pa ma travel trailer, imalowa L68149 m'kati ndi kapu yake L68111, ndi L44649 kunja ndi kapu L44610. Seal yake ndi imene Dexter amaitcha 10-19, ya bowo la mainchi 1.719. Maekiselo a mapaundi 5,200 mpaka 7,000, a ma fifth wheel ambiri, amalowa 25580 m'kati ndi kapu 25520, koma yakunja imasintha: ina LM67048, ina 15123, ina 14125A, kutengera habu. Ma seal ake alinso awiri ofanana kunja koma osiyana bowo, 10-36 ya mainchi 2.250 ndi 10-10 ya mainchi 2.125. Kusiyana kwake ndi mamilimita atatu okha, ndipo pakauntala n'kovuta kuzindikira ndi maso. Mukaika ya bowo lalikulu pa spindle yaing'ono, girizi adutsa tsiku lomwelo. Werengani nambala yodindidwa pa bering'i yakale, yezani pokhala seal ndi kachida koyezera kotchedwa vernier, ndiye mupite kukagula.

Kutsegula ndi kupakira pamanja

Iyi ndiyo njira yakale, yakuda m'manja, ndipo buku la Dexter limati izichitika pa miyezi 12 kapena mamailosi 12,000, pafupifupi makilomita 19,000, chimene chayamba kukwana. Pa kalavani ya maekiselo awiri yembekezani theka la tsiku.

Jeke iikeni pa chasesi, pamalo amene opanga anasonyeza, ndipo muchirikize ndi ma stand. Paipi ya ekiselo ndi yopyapyala ndipo ikapindika pang'ono matayala amayamba kudyeka mbali imodzi. Mukachotsa tayala, gogodani kachivundikiro ka fumbi mozungulira mpaka kachoke, wongolani sipiliti pini, masulani nati. Kokani pang'ono dilamu, chimbale cha mabuleki chimene chili limodzi ndi habu, n'kuibweza. Bering'i yakunja ndi washa zimatsala poyera, ndipo muziwakhe zisagwere m'dothi. Dilamu ikachoka igonekeni chafufumimba pathabwa, tukulani seal, bering'i yam'kati ituluka. Seal imeneyo itayeni ngakhale ikuoneka bwino. Ndi yotchipa, ndipo ikatukulidwa imapindika ngakhale maso asaone. Mabering'i a tayala limodzi asasakanikirane ndi a tayala lina, chifukwa koni iliyonse yazolowerana ndi kapu yake.

Tsukani ndi palafini ndi kabulashi mpaka girizi wakale athe, pukutani ndi nsalu yosasiya ulusi. Mukaumitsa ndi mpweya wa kompuresa gwirani marola asazungulire. Ena amakonda kamluzu kamene bering'i youma imaimba ikamazungulira ndi mpweya, koma kamluzu kameneko ndi chitsulo chikukhulana ndi chitsulo, ndipo khola la marola litha kuphulika m'manja mwanu.

Ubwino wonse wa njirayi uli apa: bering'i yotsukidwa imaulula mbiri yake. Ipendekeni padzuwa, muzungulize rola iliyonse ndi chala. Kapu yabwino imakhala yotuwa mofanana ponseponse, ngati yopukutidwa ndi phulusa. Mtundu wa buluu kapena wa udzu wouma ndi chizindikiro chakuti inatenthapo, chitsulo chafewa, ndipo nthawi zambiri nati inali yothina kwambiri kapena girizi anachepa. Timizere takuda topingasa, totalikirana mofanana ndi mmene marola atalikirana, ndi dzimbiri la madzi amene anakhala pansi pa marola kalavani ili chiimire. Timaenje ngati ta nthomba, kapena pamene chitsulo chakhadzuka ngati khungwa, ndiye kuti yatha, ndipo tizidutswato tili kale m'girizi. Yendetsaninso chikhadabo pa kapu: chikakodwa paliponse, sinthani. Girizi wakaleyo muonenso. Wotuwa ngati mkaka walowa madzi, wonyezimira ali ndi zitsulo, wouma ndi wonunkha kupserera watenthedwa.

Koni ndi kapu zimasinthidwa limodzi. Koni yatsopano pa kapu yakale sichedwa kutha. Kapu imatulutsidwa ndi panchi ya mkuwa kuchokera kumbuyo, kugogoda uku ndi uku mosinthanasinthana kuti isapendekeke n'kukulitsa malo ake. Yatsopano mukamaikhomera, tcherani khutu: ikafika pansi kulira kwa hamala kumasintha, kumakhala kolimba.

Popakira, ikani girizi wochuluka ngati dzira la nkhuku pachikhatho. Gwirani bering'i mbali yotakata ikuloza pansi, muziikanikiza m'mphepete mwa giriziyo ngati mukupala, mpaka girizi atulukire pamwamba pakati pa marola. Sunthani pang'ono, bwerezani, mpaka mwazungulira yonse. Kungomata girizi kunja sikupakira. Pakaninso pang'ono pa makapu ndi m'makoma a habu, koma musadzaze mpata wonse wapakati. Seal yatsopano ikhomereni ndi thabwa lafulati mpaka ifanane ndi mlomo wa habu, ndipo pakani girizi pang'ono pa labala yake kuti isayambe youma.

Pali malo amodzi amene ambiri amalumpha: phewa la spindle pamene seal imayendapo. Pukutani, mumvetsere ndi chala. Ngati pali kangalande kamene seal yakale inakumba, yatsopano idontha chimodzimodzi. Mankhwala ake ndi kamphete kopyapyala kovekapo, monga Speedi-Sleeve ya SKF. Pobwezera dilamu inyamuleni mowongoka kuti labala ya seal isadulidwe ndi mazinga a spindle.

Tsopano nati, imene yapha mabering'i ambiri kuposa kusowa kwa girizi. Mangani ndi torque wrench, sipanala yoyeza kathinidwe, mpaka mapaundi-futi 50, omwe ndi 68 Nm, uku mukuzunguliza dilamu pang'onopang'ono kuti mabering'i akhazikike. Lekani kuzunguliza. Masulani natiyo mpaka ilekerere, dilamu isasunthe. Imangeninso ndi zala zokha mpaka igunde, kenako ibwezeni pang'ono kufikira mpata woyamba wa nati ukumane ndi bowo la pini. Lowetsani sipiliti pini yatsopano. Nati yomangidwa bwino imatha kugwedezeka pang'ono ndi zala, pini yokha ndiyo ikuiletsa. Ma spindle ena alibe bowo la pini, ali ndi washa ya lilime lopindira mumpata wa nati kapena kakhola kovekera pa natiyo, koma kamangidwe n'komweko.

Cholinga n'chakuti habu itsale ndi kampata ka mainchi 0.001 mpaka 0.005, pamene pepala la m'kope ndi pafupifupi 0.004. Chitsulo chikatentha chimafufuma. Bering'i yomangidwa gwa ili yozizira imathina kwambiri ikatentha, girizi amafinyika kuchoka pakati pa rola ndi kapu, kutentha kumawonjezeka, ndipo zimangopitirira mpaka koni itawotcherera pa spindle. Yolekerera kwambiri nayo imasenzetsa katundu marola ochepa, ndipo habu ikamagwedera imatafuna seal. Mukabwezera tayala, ligwireni pamwamba ndi pansi, ligwedezeni. Kamvekedwe kakang'ono koti tiki, komveka m'manja koma kosaoneka ndi maso, ndi kabwino.

Kuipa kwa njirayi n'kwakuti imadalira dzanja la munthu. Habu iliyonse imene yatsegulidwa itha kulowa mchenga, seal itha kukhomeredwa mopendekeka, nati itha kuthina. Wochita mosasamala bola akanangoisiya.

Kupopa pa nipulo: E-Z Lube ndi Super Lube

Makalavani ambiri atsopano ali ndi kalabala pakati pa kachivundikiro ka fumbi. Mukakachotsa mupeza nipulo, kamlomo kopoperapo girizi, kunsonga kwa spindle. Dexter amati E-Z Lube, Lippert amati Super Lube. Spindle inabooledwa m'kati, ndipo bowolo limatulukira pakati pa seal ndi bering'i yam'kati. Girizi wopopedwa amafika kumbuyoko, kudutsa m'bering'i yam'kati, kudzaza mpata wapakati, kudutsa yakunja, n'kutulukira kutsogolo mozungulira nipulo.

Papepala n'zokoma: mphindi khumi pa tayala, osamasula kanthu. Vuto lake ndi pamene girizi amayambira kutulukira, pamaso penipeni pa seal. Kuti apite kutsogolo ayenera kukankha girizi wakale yense kudutsa m'mabering'i awiri, pamene kumbuyo kwangotchinga kalabala kogwidwa ndi kasipuling'i. Girizi wakaleyo akakhala wolimba, kunja kukuzizira, kapena mukapopa mofulumira, njira yapafupi ndi yodutsa pa seal, ndipo kuseri kwa seal kuli mabuleki. Inu kutsogolo mukupopabe, kudabwa kuti bwanji sakutuluka, pamene dilamu ikudzaza.

Mashuzi a mabuleki akamwa girizi sachira. Kutsuka ndi petulo kumayeretsa pamwamba, koma akatentha girizi amatulukanso m'kati. Buleki yotere nthawi zina imagwira mwadzidzidzi n'kukwakwaza tayala, nthawi zina sigwira n'komwe. Muyenera kusintha mashuzi a mbali zonse ziwiri za ekiseloyo, kutsuka dilamu ndi pamene maginito a mabuleki a magetsi amayendapo. Ntchito ya mphindi khumi ija yasanduka ya tsiku lonse ndi ndalama zambiri.

Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito nipuloyi, tukulani tayala, muzilizunguliza nthawi yonse imene mukupopa. Pampu ikhale yamanja, ya kompuresa ayi. Popani pang'onopang'ono, masana kukutentha kapena mutangoyendako pang'ono, ndipo mulekeze girizi watsopano akayamba kuoneka. Habu imene inapakiridwa pamanja ili ndi mpata wopanda kanthu pakati, choncho ulendo woyamba imameza girizi wambiri, gawo lalikulu la chubu cha magalamu 400, asanaoneke kutsogolo. Seal iyenera kukhala ya milomo iwiri ndi sipuling'i. Buku la Dexter limanenanso kuti habu ya E-Z Lube ikachotsedwa, seal isinthidwe musanapope.

Ife timaiona nipulo ngati chothandizira pakati pa ulendo wautali, kapena ngolo ikaoloka madzi akuya. Kulowa m'malo mwa kutsegula singathe, pa chifukwa chosavuta kumva. Mashuzi a mabuleki amafunika kuonedwa chaka ndi chaka, ndipo akatsala mamilimita 1.6 asinthidwe. Kuti muwaone dilamu ichoke. Dilamu ikachoka mabering'i ali m'manja mwanu kale, ndiye mwapindulanji posawatsuka?

Bearing Buddy

Ichi ndi chivundikiro chokhomeredwa m'malo mwa kachivundikiro ka fumbi, chokhala ndi pisitoni ndi sipuling'i zimene zimasunga girizi pa mphamvu yaing'ono, pafupifupi 3 psi. Chinapangidwira ngolo za maboti. Habu yotentha ndi ulendo ikamizidwa m'madzi ozizira mpweya wa m'kati umachepa n'kukoka madzi kudzera pa seal, ndipo mphamvu yaing'onoyo imaletsa zimenezo. Pa ngolo yotsitsira boti ku Mangochi kapena ku Senga Bay, yopanda mabuleki a dilamu, n'chothandiza, bola mulekeze kupopa pisitoni ikangoyamba kugwedezeka. Girizi amalowera kutsogolo ndipo wakale alibe potulukira, choncho bering'i yam'kati, imene imasenza katundu wambiri, imakhalabe ndi girizi wake wakale. Pa kalavani ya mabuleki a magetsi, yosalowa m'madzi, chimangowonjezera mpata woti girizi afike pa mashuzi. Sitichilimbikitsa pamenepo.

Mahabu a oyilo

Pa maekiselo olemera, makamaka kuyambira mapaundi 8,000, mumapeza chivundikiro cha pulasitiki choonekera m'kati, chokhala ndi mzere wosonyeza mlingo ndi kalabala kothirirapo. M'katimo muli oyilo wa magiya, SAE 90, 80W-90 kapena 75W-90. Mathiraki akuluakulu amayendera njira yomweyi. Oyilo amafika paliponse, amachotsa kutentha bwino kuposa girizi, ndipo kumuyang'ana n'kongowerama. Akatuwa mwadziwa kuti mwalowa madzi, mlingo ukatsika mwadziwa kuti penapake pakudontha. Pa njira zonse zisanu, iyi yokha ndiyo imakuonetsani china chake cha m'kati popanda sipanala. Pothira, thirani pang'ono, dikirani kuti oyilo adutse m'mabering'i, muonjezere mpaka mlingo ukhazikike pamzere.

Komatu thiraki imayenda tsiku ndi tsiku, pamene kalavani imaima miyezi. Ikaima, oyilo yense amatsikira pansi, theka lakumwamba la bering'i limatsala louma, ndipo chinyezi cha m'mawa chimalidya dzimbiri. Girizi amamatirira pomwe ali ngakhale chaka chithe. Kachiwiri, habu ya girizi seal ikatha imayendabe makilomita ambiri, koma ya oyilo chivundikiro chikasweka ndi mwala imakhuthula zonse nthawi yochepa. Pa misewu ya miyala zimenezi si zachilendo. Kusintha habu ya girizi kuti ikhale ya oyilo kumafuna habu ya mazinga a chivundikirocho ndi seal yopangidwira oyilo. Seal wamba ya girizi singagwire oyilo. Fifth wheel yolemera imene eni ake amakhalamo n'kumayenda mwezi ndi mwezi imapindula. Yoima kuseri kwa nyumba kudikira tchuthi ingokhala pa girizi, kapena muzitukula matayala n'kuwazunguliza mwezi uliwonse.

Otsekeratu: Nev-R-Lube ndi a ku Ulaya

Nev-R-Lube ya Dexter ndi katiriji imodzi yokhala ndi mizere iwiri ya marola, yoikidwa girizi ndi kutsekedwa kufakitale, yofanana ndi mabering'i a magalimoto amakono. Imabwera m'saizi za mamilimita 35, 42 ndi 50, ndipo makalavani ambiri a Airstream amatuluka nayo. Palibe kupakira, palibe kuyerekeza kathinidwe. Nati yake imamangidwa zolimba, mapaundi-futi 145 mpaka 155, pafupifupi 200 mpaka 210 Nm. Apa samalani: amene wazolowera nati ya zala akaimanga chomwecho pa Nev-R-Lube waiwononga, ndipo womanga 200 Nm pa mabering'i wamba wawaphanso.

Dzinalo lisakunamizeni kuti simudzayang'anako. Chaka chilichonse tukulani tayala, lizungulizeni, mverani ngati likukhokhomera, ligwedezeni, onani ngati girizi wambiri watuluka pa seal. Kugwedera kololedwa n'kochepa kwambiri, mainchi 0.005 pa ya 35, 0.006 pa ya 42 ndi 0.008 pa ya 50. Dilamu imachoka osakhudza girizi, choncho kuona mabuleki kumakhala kosavuta ndi koyera. Mizere iwiri ya marola ili moyandikana kwambiri, ndiye bering'i imeneyi sipirira ma rimu a offset (kulowa m'kati kapena kutulukira kunja kwa rimu pa habu) yosiyana ndi imene opanga anaika. Kusintha ma rimu chifukwa cha kukongola kwafupikitsa moyo wa makatiriji ambiri.

Tsiku limene yatha ndi pamene mumaona kuipa kwake. Katiriji imatuluka ndi kulowa ndi puresi, ndipo sipezeka m'sitolo iliyonse ya zida za ngolo, pamene L68149 ndi L44649 ku America zimapezeka pafupifupi paliponse ndipo zimasinthika m'mbali mwa msewu ndi hamala ndi panchi. Woyenda kutali ndi matauni anyamule habu yathunthu yoikidwa kale katiriji.

Makalavani a ku Britain ambiri ali pa chasesi ya AL-KO kapena BPW, ndipo nawonso ali ndi mabering'i otsekeratu. Nati ya AL-KO ndi yomanga kamodzi kokha, pa 290 Nm, ndipo ikamasulidwa imatayidwa. Wogula kalavani yotere kuti abwere nayo kuno aitanitsiretu manati angapo pamodzi ndi mabering'i, chifukwa kungoona mabuleki kokha kumadya nati imodzi pa tayala.

Girizi uti

Dexter amafuna girizi wa lithium complex, wa NLGI 2 (mlingo wa kulimba kwake), wokhala ndi EP (wopirira kupanikizika kwambiri), wosasungunuka pansi pa madigiri 215 a Celsius. Pa chitini yang'anani chizindikiro cha GC-LB. GC ndiyo ikunena za mabering'i a matayala otentha ndi mabuleki, pamene LB yokha ndi ya majoini a chasesi. Mtundu wofiira kapena wa buluu ndi utoto chabe. Chofunika kwambiri n'kusasakaniza: girizi wa lithium akakumana ndi wa polyurea kapena wa dongo, osakanizawo atha kusungunuka n'kuyenderera kapena kulimba ngati sopo. Apanso nipulo ili ndi vuto, chifukwa mukupopera pa girizi amene simukumudziwa. Kalavani yogula kwa wina itseguleni, tsukani zonse, yambani ndi girizi mmodzi, ndipo lembani dzina lake ndi tsiku m'kati mwa chitseko cha kabati.

Pa mabering'i enieniwo, Timken, SKF, Koyo ndi NTN ndi maina odalirika, koma achinyengo ovala maina omwewa alipo pamsika. Gulani kwa wogulitsa wodziwika, ndipo kaikirani bokosi losindikizidwa mofufutika kapena mtengo wotsika mododometsa. Bering'i yopanda dzina yomangidwa bwino ndi seal yabwino imatha kukhalitsa kuposa ya dzina yothinitsidwa.

Ndiye musankhe iti

Kalavani wamba ya mabuleki a magetsi, yoyenda maulendo angapo pachaka n'kuima nthawi yotsalayo, ipakireni pamanja chaka ndi chaka ulendo woyamba usanachitike, kaya ili ndi nipulo kaya ilibe. Ena amati chaka n'chochepa kwa kalavani yoyenda makilomita 2,000 okha. Girizi wabwino amathadi kupitirira chaka, koma imene imaima ndi imene imadyeka dzimbiri, ndipo yatsopano kumene ndi bwino kuitsegula msanga kuti mudziwe zimene anaikamo kufakitale. Fifth wheel ya maekiselo awiri kapena atatu ili ndi vuto linanso. Ikamakhota mothina pobwerera m'mbuyo, matayala amakwekwereza cham'mbali, ndipo mphamvu yonseyo imathera pa mabering'i ndi spindle. Yotere musaidumphitse chaka.

Mukapereka ntchitoyi kugalaja, funsani a makaniko kuti aike ma seal atsopano ndipo akusungireni akalewo muwaone. Funsaninso kuti nati amaimanga bwanji. Akakuyankhani kuti amaimanga zolimba kuti tayala lisagwedere, pitani kwina, kapena muime pomwepo muwafotokozere.

Njira iliyonse imene mwasankha, pamsewu chizolowezi n'chimodzi. Mukaima kuthira mafuta, zungulirani kalavani, yandikizani kuseri kwa dzanja pa habu iliyonse, kapena muyeze ndi kachida koyezera kutentha patali. Mukufuna imene yasiyana ndi anzake. Mbali ya dzuwa imatentherapo, ndipo mukangotsika phiri zonse zimatentha ndi mabuleki. Imodzi ikatentha yokha, onani komwe kutenthako kukuchokera: kukakhala kwambiri m'mphepete mwa dilamu ndi buleki imene ikugwira, kukakhala pakati pafupi ndi kachivundikiro ndi bering'i. Timizere ta girizi towazikira kuseri kwa rimu ngati masipoko a njinga ndiye kuti seal yapita.

Musapitirize ulendo poganiza kuti tauni ili pafupi. Spindle ya maekiselo amenewa ndi yowotcherera ku ekiselo, ndipo koni ikaidya mudzagula ekiselo yonse. M'bokosi la zida muzikhala mabering'i a tayala limodzi opakiridwa kale m'jumbo yomanga bwino, makapu ake, ma seal awiri, nati, washa, masipiliti pini, kachivundikiro ka fumbi, panchi, kachitini ka girizi, ndi kansalu ka sandipepa yosalala kochotsera zotsalira pa spindle.

Tayala likabwezedwa, manati ake amangeni modumphadumpha ngati nyenyezi, m'magawo atatu. Pa ma stud (mabawuti omangirapo tayala) a theka la inchi ndi ma rimu a mainchi 15 kapena 16, gawo lomaliza ndi mapaundi-futi 90 mpaka 120, pafupifupi 120 mpaka 160 Nm. Imani pa makilomita 16, pa 40 ndi pa 80, muyesenso manatiwo ndi torque wrench, ndipo poima paliponsepo gwiraninso mahabu. Habu yongopakiridwa kumene imafundirapo pang'ono pa makilomita oyambirira girizi akamafalikira. Ikafika pa 80 ikutenthabe kuposa anzake, tukulani tayala, chotsani pini, muyambirenso kumanga nati.